Mmene mungayendere ku Kurama-dera, kumene Yoshitsune anakulira

Mukafika ku Kyoto, ku Japan, musangothera nthawi m'makachisi a mtauni okhaokha ayi, patulani tsiku limodzi mukakwere phiri la Kurama, komwe kuli kachisi wa Kurama-dera. Kwerani sitima ya Eizan pa siteshoni ya Demachiyanagi, mphindi 30 zokha mwafika, ndipo mukangotsika chokulandirani ndi chimutu chofiira cha tengu champhuno yaitali, mzimu wa m'phiri umene anthu amati unaphunzitsa kamnyamata Ushiwakamaru kugwira lupanga.

Kamnyamatako ndiye Minamoto no Yoshitsune, mkulu wa asilikali wotchuka m'mbiri ya Japan. Bambo ake Yoshitomo ataphedwa mu 1160, a banja la Taira, adani a banja lake, anamuleka wamoyo koma anakamusiya kukachisi ameneyu kuti adzakhale mmonke, iye za umonkezo sanazifune, anathawira ku Hiraizumi, kumpoto kwa Japan, ndipo mu 1185 ndi yemweyu amene anathetsa mphamvu za a Taira pa nkhondo ya Dan-no-ura.

Pa geti la Niomon mumalipira kandalama kolowera, ndiye khalani ndi ma yen a m'manja. Pali kasitima kokokedwa ndi chingwe koma ngati miyendo ili bwino yendani wapansi, mudutsa pa kachisi wa Yuki pomwe amachitira mwambo wa moto pa 22 Okutobala. Pamwamba pali holo yaikulu ya kachisi amene mbiri yake imayambira mu 770 ndi mmonke Gantei. Musanapemphere kapena kungoyang'ana, sambani m'manja pa kachitsime, ndipo ngati muli ndi kabuku ka goshuin (kosonkhanitsiramo zidindo za makachisi) kaperekeni akudindireni chidindo.

Ambiri amabwerera pomwepa, ine zimandiwawa chifukwa za Yoshitsune zenizeni zili kuseri kwa holoyo. Tsatirani kanjira kolowa m'nkhalango mupeza Sekurabe-ishi, kamwala kakafupi komwe amati anadziyezapo msinkhu asanachoke ali ndi zaka 16, imani pafupi mukaone bwino, mudzamva chisoni kuti anali mwana ndithu. Patsogolo pang'ono pali Kinone-michi, mizu ya mitengo yangoti yangalayangala pamwamba pa dothi chifukwa pansi ndi pathanthwe, akuti ankadumphadumpha pamenepo pophunzira nkhondo. Pondani mosamala, musamaponde mizuyo dala, mitengo imavulala. Kenako Yoshitsune-do, kakachisi kakang'ono kopempherera mzimu wake.

Valani nsapato zogwira pansi, kukagwa mvula potsikira ku Kibune, mudzi wa kuseri kwa phirili, pamaterera kwambiri, ndipo nyamukani m'mawa kuti mdima usakupezeni m'nkhalangomo.