Musanagule mapiritsi onola ubongo

Mapiritsi ambiri otere sapindulitsa munthu amene thupi lake silikusowa kanthu. Ngati kuiwala kwanyanya, kayezetseni kaye magazi. Kuchepa kwa vitamini B12 kumaiwalitsadi, makamaka kwa okalamba ndi osadya nyama. Ginkgo biloba, mankhwala ochokera ku masamba a mtengo amene amapezeka m'mapiritsi ena otere, samalani nayo ngati mumamwa aspirin kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), chifukwa mukadzicheka magazi akhoza kuchedwa kusiya.

Nanga masewera a pafoni aja amati amanola ubongo? Mumangosanduka katswiri wa masewerawo, makiyi n'kumawaiwalabe pachitseko.

Chimene chimandithandiza ine kukumbukira ndi ichi: ndikawerenga tsamba, ndimatseka buku n'kunena mokweza zimene ndagwira. Zimawawitsa mutu, komatu zimakhazikika. Mawa ndimabwereza, kenako pakatha masiku 3, kenako sabata, foni ili kuchipinda china. Muzigonanso maola osachepera 7, poti zimene mwaphunzira masana ubongo umazisunga muli m'tulo.