Musanatsanzike sitima, yambani mwatenga kope ndi cholembera

Pa sitima zonyamula alendo okasangalala panyanja pali bodza lomwe tonse timanena nkhope ili gwa: "Kontrakiti ino ndi yomaliza." Ine ndinalinena kanayi. Ndinagwira ntchito yoperekera zakudya makontrakiti asanu ndi awiri, ndipo kanayi konseko ndinkatsika nditalumbira pali mayi anga, koma pakangotha miyezi iwiri ndili pa Chileka ndi sutikesi, ulendo wa ku Johannesburg kukakwera ndege ina. Ndiye ngati muli m'kabini yopanda zenera ija, mnzanu akuliza mkonono pa bedi lapamwamba, imvani m'mene ndinachitira kuti nditsike osabwereranso.

Musagamule nkhaniyi m'mwezi wachisanu wa kontrakiti. Nthawi imeneyo amene akuganiza si inu, ndi tulo. Mwagwira masiku oposa 120 opanda tsiku lopuma, mapazi atupa, ndipo ngakhale mlendo wokupemphani madzi mumamuona ngati mfiti. Dzifunseni kaye chimene chakukolani: kutopa, bwana wovuta, kapena moyo wa panyanja weniweniwo? Ziwiri zoyambazo zili ndi mankhwala ake. Pangano la mayiko loteteza ogwira ntchito pa sitima, la MLC 2006, limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi 77 pa sabata. Ngati akukusainitsani maola omwe simunapume, a ITF, bungwe la mayuniyoni a ogwira ntchito zamtengatenga, ali ndi oyendera sitima m'madoko ambiri, ndipo a SeafarerHelp, omwe amathandiza ogwira ntchito panyanja pa foni, amayankha usana ndi usiku, ulere. Bwana wovuta naye kontrakiti yake imatha, kapena mungapemphe sitima ina. Koma mukaona kuti ngakhale tsiku labwino, sitima itaima pa doko lokongola, inu mwasankha kugona, ndipo mwana wanu pa foni akukuyankhani mwaulemu ngati mlendo, pamenepo ndiye nkhani yakula.

Malizani kontrakiti ngati thupi ndi mutu zikulola. Wosiya pakati nthawi zambiri amadzilipirira tikiti yobwerera kwawo. Za kuthawa pa doko la ku America ndi viza ya ogwira ntchito pa sitima ija ya C1/D musaziganize n'komwe, mudzitsekera makomo onse.

Tsopano kope lija. Apa ndi pomwe ine ndinachita manyazi. Tsamba loyamba ndinalemba ndalama zonse zomwe ndinalandira chiyambire, matipu omwe. Tsamba lachiwiri ndinalemba zomwe ndingaloze ndi chala: poloti ku Chileka, nyumba yofika pa mawindo, ndi kangachepe ku banki. Zinazo zinapita kuti? Ku bala ya ogwira ntchito, ku intaneti ya pa sitima yomwe inkadula ngati golide, ku nsapato za ku Miami, ku maliro ndi zinkhoswe, ndiponso ku holide, poti miyezi iwiri ija ndinkadya ngati ndine mwini sitima.

Powerengera malipiro, gawani ndi miyezi yonse, ya holide yomwe, osati yokhayo yomwe mwagwira, chifukwa ku kampani yanga ukakhala kumudzi sunkalandira kanthu. Kenako lembani zomwe sitima imakulipirirani mosadziwa: pogona, chakudya katatu, magetsi, madzi, dokotala. Kumtunda zonsezi zimatuluka m'thumba mwanu, kuyambira mayunitsi a ESCOM mpaka thumba la ufa. Ine ndinadziikira malire: sinditsika mpaka nditasunga ndalama zoyendetsera pakhomo chaka chathunthu, zosakhudzana ndi mpamba wa bizinesi. Ikani nambala yeniyeni, osati "zikakwana", chifukwa sizikwana. Ndipo gawo lina lisungeni m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atasintha zonse anadzuka simenti yawo itachepa m'manja.

Chovuta kuposa masamu ndi abale. Kwathu ndinali "malume a ku sitima", ndipo dzina limeneli limadya. Auzeni kudakali kontrakiti imodzi, musawadzidzimutse. Ine ndinakhala pansi ndi mayi ndi achemwali anga pakhonde, n'kunena kuti fizi ya ana awiri ndilipira mpaka amalize Fomu 4, koma zinazo zatha. Mayi anangoti, "Bola ubwere uli moyo, mwanawe." Achemwali sanandiyankhule sabata ziwiri. Zinadutsa.

Mapepala musawataye chifukwa cha mkwiyo. Masatifiketi a maphunziro a ogwira ntchito pa sitima (STCW) a zozimitsa moto ndi kudzipulumutsa pamadzi amafuna kukonzanso zaka zisanu zilizonse, chikalata cha dokotala sichipitirira zaka ziwiri. Onani madeti ake, kuti mudziwe kuti khomo lobwerera lili lotsegula mpaka liti. Ine kudziwa zimenezi kunandikhazika mtima pansi, sindinatsike ngati wothawa. Musanasaine zotsika, tengani kalata ya bwana wanu ndi malipoti a kagwiridwe kanu ka ntchito. Mukafika kumudzi, kuwapeza anthu aja pa imelo ndi ntchito ina.

Pa holide yotsatira, yesani moyo womwe mukuufunawo m'malo mozungulira tauni ndi magalasi akuda. Ine ndinapempha kugwira masabata asanu pa loji ina ku Mangochi. Malipiro ake ndinaseka ndekha, sankafika pa matipu a masiku ochepa pa sitima. Koma ndinaona kuti zomwe ndinkaziyesa zachabe, monga kusamalira matebulo ambiri nthawi imodzi, malamulo okhwima a ukhondo wa chakudya, kunyengerera mlendo wolusa mpaka aseke, kuno n'zosowa. Atandiitana kuti ndidzayang'anire lesitilanti yawo, ndinabwerera panyanja komaliza ndikudziwa kolowera.

Konzekeraninso miyezi itatu yoyamba, poti palibe anandichenjeza. Ndinkadzuka 5 koloko mtima uli thithithi kuti ndachedwa. Usiku tulo sitinkabwera chifukwa kunalibe kulira kwa injini, mpaka ndinagula fani kuti izingopokosera. Anzanga akaika zithunzi za ku Santorini ndinkazimitsa foni. Ndipo imelo yondiitana ku kontrakiti yachisanu ndi chitatu itafika, ndinaiwerenga katatu, n'kutsegula kope lija, n'kuyang'ana nambala yanga. Ndinawayankha mawa lake m'mawa, nditaperekeza mwana ku sukulu.