Munthu akalowa ndi Google koma osabwerera mu app yanu: momwe mungakonzere

Mwapanga app, mwaikamo batani lolowera ndi Google kapena Facebook, pafoni yanu zonse zikuyenda. Koma kasitomala wa ku Area 25 akadina, foni imamutengera ku browser, amasankha akaunti, kenako tsamba limangoti mbee, kapena app imayambiranso ngati sanachite kanthu. Kawirikawiri pasiwedi imakhala ilibe mlandu. Chimene chaduka ndi njira yobwererera mu app.

Musanakhudze code, mufunseni munthuyo bandulo yomwe wagula. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siingatsegule accounts.google.com. Aonenso tsiku ndi nthawi pafoni, chifukwa zikasokonekera browser imakana satifiketi ya tsambalo.

Zimenezo zikakhala bwino, werengani uthenga womwe watuluka. Ukakhala "Error 400: redirect_uri_mismatch", ndiye kuti adiresi yobwererera yomwe app yatumiza yasiyana ndi yomwe munalembetsa mu Google Cloud Console. Ziyenera kufanana chilembo ndi chilembo. Http m'malo mwa https, ngakhale kamzere ka / kumapeto, nkokwanira kukukanizani. Ukakhala "disallowed_useragent", mukutsegula tsamba lolowera mu WebView, browser ya mkati mwa app yanu. Google inayamba kukana zimenezi mu 2017, Facebook nayo inatseka njirayi pa Android mu 2021. Gwiritsani ntchito Custom Tabs pa Android, ndipo pa iPhone ASWebAuthenticationSession, zomwe zimatsegula tsambalo ndi browser ya foniyo.

Chachitatu ndi kiyi yosainira app. App ikamagwira poiyesa koma nkukana ikatsitsidwa pa Play Store, ndi nambala 10 ya DEVELOPER_ERROR, dziwani kuti Google imasainanso app yanu ndi kiyi yake. Tengani SHA-1 (nambala yozindikiritsa kiyi) ya kiyi imeneyo mu Play Console, muiwonjezere mu Firebase kapena Cloud Console pamodzi ndi ya debug, kiyi yomwe mumayesera nayo app.

Ngati adiresi yobwererera ndi ya https, kuyambira pa Android 12 linki yosatsimikizidwa imangotsegukira mu browser. Ikani fayilo ya assetlinks.json mu /.well-known/ pa webusayiti yanu, yokhala ndi SHA-256 yolondola ya kiyi yosainira app, muyang'ane ndi adb shell pm get-app-links (adb ndi chida cholamulira foni kuchokera pakompyuta).

Tsopano pamene ine ndimadandaula napo kwambiri. Mafoni ambiri omwe anthu amagula ku Malangalanga ndi m'mashopu a ku Old Town ali ndi RAM (memory yomwe ma app amagwiritsa ntchito akamayenda) yochepa. Browser ikatseguka, Android imatha kutseka app yanu kuseri kuti ipeze malo. Munthu akamabwerera, state ndi code_verifier (zizindikiro zotsimikizira kuti app yanu ndiyo inapempha kulowako) zomwe munangosunga mu memory zapita, ndipo app imakana yankho labwinobwino lochokera ku Google. Munthuyo sadziwa za RAM. Amangoganiza kuti walakwitsa ndi iye, amayesanso, data ikutha, mapeto ake amachotsa app. Ndiye zinthu ziwirizi muzizisunga mu storage ya foni musanatsegule browser, ndipo muziziwerenga pomwepo munthu akabwerera.

Kuti muyese, dinani batani lolowera, browser ikatseguka thamangitsani adb shell am kill ndi dzina la package yanu, kenako malizani kulowa. App ikakulandirani, mwakonza. Bwerezaninso pa itel kapena Tecno yotchipa, pa data ya Airtel ndi ya TNM, Wi-Fi ya muofesi mutazimitsa.