Kukonzekera Ulendo wa Boti la Injini Wopita ku Mtsinje wa Bua

Musananyamuke pa doko la Nkhotakota kulowera kumpoto kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, yambani mwafunsa asodzi za mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umatha kuwomba masiku angapo osaleka, ndipo ngakhale popita umakukankhani kumbuyo, pobwerera mumalimbana ndi mafunde, zomwe zimadya petulo wambiri. Choncho tengani mafuta oposa amene mwawerengera, nkhafi, nangula ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense.

Mukayandikira mtsinjewo chepetsani liwiro, chifukwa mchenga umasuntha chaka ndi chaka. Mu Novembala, nyanja ikaphwera, injini imakhudza pansi mosavuta, kotero munthu mmodzi akhale kutsogolo akuyeza kuya kwa madzi ndi nsungwi. Mukaona mvuu, ilambalaleni patali ndithu, makamaka ikakhala ndi mwana.