Kompyuta yanu ingakwanitse VR? Yambani apa

Achimwene, mwafunsa ngati kompyuta yanu ija ingayendetse VR (magemu oonera pa chipangizo chovala kumaso, ngati muli momwemo) kapena mungogula ina. Musathamangire kaye kumashopu a ku Gulf Complex ku Harare ndi madola anu.

Choyamba dinani mabatani a Windows ndi R limodzi, lembani dxdiag muone zomwe zili mkatimo. Nkhani yaikulu ndi graphics card (kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini), ikakhala yochepera GTX 1060 iwalani, zithunzi zizidukaduka mpaka mutu kuzungulira ngati mwakhala kumbuyo kwa kombi yopita ku Mbare. RAM (memory ya kompyuta) isachepere 8GB, koma ine ndikanakhala inu ndikanaika 16GB.

Kenako zimitsani, tsegulani bokosi la kompyutalo muone power supply, yomwe imagawa moto ku zipangizo zonse za mkatimo. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, amagula card yatsopano yodya moto kwambiri kenako makina akungozima okha pakati pa gemu, iwo nkumati card ndi yabodza. Yezaninso ngati card ikwane mbokosimo, zinazi nzazitali heavy.

Onani pobayira zingwe za chipangizo chovala kumaso chija, Valve Index imafuna pobayira pa DisplayPort pomwe Quest imalowa pa USB 3.

Ngati ndi laputopu, zambiri card yake siyisinthika, mungogula desktop basi. Ka UPS kokha (kabatire kosunga moto magetsi akazima) musaiwale, magetsi a kuno mukuwadziwa kale.