Kupenta tizidole ta masewera a patebulo kuno ku Tete

Tizidole tanga n'totalika mamilimita 28, pomwe tinyumba amandisindikizira mlamu wanga pa printa ya 3D. Yambani mwatitsuka ndi sopo, tiume, kenako pakani penti woyamba wotuwa. Mukadumpha apa, penti amasupuka ndi chala chokha.

Penti wa akiriliki muthire timadzi akhale ngati mkaka, mupake kawiri mopyapyala. Koma kutentha kwa kuno! Mu Okutobala penti amauma pabulashi musanafike pankhope ya kamsilikali. Ine ndimamudontheza papepala lophikira keke, pansi pake nditayala kansalu konyowa. Kwathu ku Ulongwe kozizira sindinkavutika chonchi.

Pamakoma a tinyumba pakani guluu, muwazepo mchenga wosefa wa mu Zambezi. Zinthu za PLA, pulasitiki ya printa ya 3D, musazisiye m'galimoto masana, kanyumba kanga kena kanapindika ngati nthochi.