Masters uli ku Kasungu: zoti utole ku dipatimenti usanakwere basi yobwerera

Chimalizireni masters yanga anthu akhala akundifunsa, ena ku tchalitchi ena pa WhatsApp, kuti achimwene munatha bwanji muli konkuno ku Kasungu, ntchito muli nayo, ana muli nawo, sukulu ili uko kutali. Ambiri amaganiza kuti vuto ndi fizi basi. Fizi ndi vuto inde, sindikukana, koma chomwe chinandipweteka ine kwambiri ndi kusadziwa kuti pali zinthu zambiri zomwe fizi yomweyo inalipira kale, zangokhala pa dipatimenti kudikira munthu wozifunsa. Semesita yoyamba yonse ndinathera ndalama pa mabandulo kusaka mapepala pa Google, tsamba likundiuza kuti ndilipire madola, pomwe mapepala omwewo ku laibulale anali aulere. Palibe anandibisira. Sindinafunse basi, ndinkangolowa mkalasi, ndikutuluka, ndikuthamangira ku depoti.

Ndiye ngati mwapeza malo, kaya ndi ku Bunda, ku Zomba, ku Mzuni, ku MUBAS, ku KUHeS kapena ku MUST uko ku Thyolo, sabata yoyamba musayithere kusaka supavaiza. Supavaiza mumupeza, ndipo nthawi zambiri amakhala ali ku msonkhano. Sakani anthu atatu awa kaye, sekilitale wa dipatimenti, tekinishani wa ku labu ndi munthu wa ku laibulale amene amaona za intaneti. Apatseni moni bwinobwino, dzitchuleni dzina, auzeni kuti ine ndimachokera ku Kasungu sindibwerabwera kuno, ndiye mupemphe nambala. Amayi a mu ofesi aja, sekilitale, ndi amene amadziwa kuti a Dokotala alowa liti, kuti mapulopozo akulandira mpaka tsiku liti, kuti kiyi wa chipinda cha ma postgraduate amakhala ndi ndani, ndiponso ndi omwe amakutayipirani kalata yokudziwitsani ndikudindapo chidindo. Apempheninso kabuku ka malamulo a ophunzira a masters ndi PhD. Kamaoneka kotopetsa koma muli zonse, kalembedwe ka thesis, masemesita omwe mwapatsidwa musanayambe kulipira zowonjezera, zoyenera kuchita mukasemphana ndi supavaiza. Ine ndinakawerenga chaka chachiwiri, mochedwa.

Tsopano za laibulale, apa ndichedwapo chifukwa kwa ife okhala kutali mgodi uli pamenepa. Mashelefu asakupusitseni, mabuku ambiri ndi akale, ena munawaona kale muli ku digiri yoyamba. Chomwe mukufuna ndi njira yolowera mu majenala a pa intaneti. Pali chinthu chotchedwa Research4Life chomwe masukulu a maiko ngati Malawi amalowamo ulere sukuluyo ikalembetsa. Mkati mwake muli Hinari ya zaumoyo imene inayamba mu 2002 pansi pa WHO, muli AGORA ya zaulimi imene a FAO anayambitsa mu 2003, OARE ya zachilengedwe, ndi zina za malamulo komanso zaluso. Palinso zomwe malaibulale athu amagula pamodzi kudzera mu bungwe lawo la MALICO. Funso loti mufunse ndi limodzi, ndipo mulifunse momveka: kodi zimenezi ndingalowemo bwanji ndili kunyumba, ndisali pa wifi ya pasukulu? Zina zimafuna pasiwedi, zina zimatseguka pokhapokha muli pa kampasi, ndiye muyenera kudziwa kuti ziti ndi ziti. Musangolemba pasiwediyo pa kapepala ndikunyamuka, tsegulani laputopu pomwepo, muyese iwo akuona, makamaka pa hotspot ya foni yanu kuti mutsimikize kuti kunja kwa mpanda zikugwira. Kubwerera ulendo wa makilomita opitirira 100 chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika zimawawa.

Mukadali mommo funsani komwe amasunga ma thesis a anthu omwe anamaliza mu dipatimenti yanu. Tengani atatu kapena anayi, makamaka omwe anayang'anira supavaiza wanu, muone kuti mutu wachitatu amaufuna bwanji, matebulo amaoneka bwanji. Osakopera ayi, masiku ano amaponya mu Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera, ndipo manyazi ake ndi oopsa, kungoti muone msewu womwe anzanu anadutsa.

Pepala likakanika konseko musataye mtima. Pa Google Scholar dinani pomwe palembedwa kuti All versions, nthawi zambiri pena pake pamakhala PDF yaulere. Zikavutabe lemberani imelo mwini pepalayo, adilesi imakhala patsamba loyamba lomwelo, muwauze kuti ndinu wophunzira ku Malawi mukufufuza zakutizakuti. Ine ndinkaopa kuti mapulofesa akunja angandiyankhe ine ndani, koma ambiri amatumiza, ena mpaka kuwonjezerapo mapepala ena.

Chipinda cha ma postgraduate mukachipeza chigwiritseni ntchito ngati chigayo, mwabwera ndi thumba mubwerere ndi ufa. Ine ndinkati ndikakhala kuno ndikulemba mndandanda wa mapepala onse omwe ndikufuna, mavidiyo ophunzitsa kusanthula deta, mapulogalamu ofuna kudawunilodi, ndiye ndikafika pa wifi ya pasukulu madzulo anthu atachepa ndikukoka zonse kamodzi. Funsaninso a ICT ngati sukulu yanu ili ndi eduroam, imene imabwera kudzera ku MAREN, bungwe lolumikiza masukulu aukachenjede pa intaneti, chifukwa ndi akaunti yomweyo mumatha kulowa pa wifi ya masukulu ena omwe ali nayo. Ndipo tsiku lomwelo ikani Zotero mu laputopu, pulogalamu yosunga mapepala ndi kukonza ma reference, ndi yaulere, pepala lililonse lomwe mwakoka lilowe mmenemo. Mukadzafika kumapeto ndi ma reference 90 oti mutayipe pamanja usiku magetsi atathima mudzandikumbukira.

Chilolezo cha ethics. Apa ndi pomwe anthu ogwira ntchito kumudzi timagwa kwambiri chifukwa timati alimiwa ndimawadziwa, ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, bwanji ndingoyambiratu kufunsa pomwe pulopozo ikuzungulira. Musayerekeze. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafuna kalata ya komiti kaye, ndipo deta yotoleredwa kalatayo isanatuluke akhoza kuikana yonse. A zaumoyo amadutsa ku komiti ya COMREC ya ku KUHeS kapena ya NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo, a za chikhalidwe ndi maphunziro pali komiti ya NCRSH pansi pa NCST, bungwe la boma loona za sayansi, komanso masukulu ena ali ndi zawo monga UNIMAREC ndi MZUNIREC. Funsani ku dipatimenti kuti yanu ndi iti, amakumana liti, amafuna mafomu ati ndi ndalama zingati, ndipo muyike miyezi ingapo pa pulani yanu chifukwa kawirikawiri amabweza kuti mukonze. Fomu yopempha chilolezo kwa anthu ofunsidwa ndi mafunso omwe muwamasulire mu Chichewa chomveka, chomwe agogo a ku Santhe angamve, osati Chichewa cha mu ofesi. Ngati mukupita kumpoto kwa boma lino cha ku Kaluluma ndi Nkhamenya kumbukirani kuti kumeneko ambiri amalankhula Chitumbuka, pezani wothandiza wochidziwa.

Kalata ija ikatuluka muyambe ndi ku boma kwa a DC, kenako ofesi ya nthambi yomwe ikukhudzidwa, ngati ndi zaulimi mutsike mpaka ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera, mukaonane ndi mkulu wake, a AEDC, akupatseni alangizi a dera, ndiye alangiziwo akakufikitseni kwa a gulupu ndi a nyakwawa. Kudumpha mfumu ndi kudzitsekera nokha. Nthawi nayonso muyisankhe ndi nzeru, kalendala ya sukulu sidziwa kuti Disembala ndi Januwale anthu ali kumunda kupalira ndi kubandira, sidziwa kuti misewu ya ku Chulu ikagwa mvula ngakhale kabaza amakana, sidziwanso kuti kukagwa maliro mudzi wonse mwautaya masiku awiri. Auzeni asupavaiza zimenezi poyera mukamapanga ndondomeko. Za mafunso, musavutike ndi kufotokopa mapepala mazanamazana, pulogalamu yolembamo mayankho ya KoboCollect imagwira pa foni ya Android popanda netiweki, mumadzatumiza madzulo mukafika pomwe ikugwira, ndipo mu dipatimenti simulephera kupezeka wina woidziwa. Funsaninso ngati ali ndi ma GPS, matabuleti, masikelo kapena zojambulira mawu zobwereketsa. Nthawi zambiri zimakhalapo, zotsala ku mapulojekiti akale, zili mu kabati ya tekinishani.

Za labu ndikuuzeni zomwe zinandichitikira, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinkafufuza za dothi m'minda ya mtedza, ndinayenda milungu iwiri panjinga yamoto kutola masampulo, kukumba masentimita 20, kuthira m'majumbo, kulemba manambala ndi maka panja pa jumbo. Dothi lina linali lonyowa, ndinangomanga ndikuunjika pakona kunyumba mwezi wathunthu kudikira malipiro kuti ndipeze thiransipoti. Tsiku lomwe ndinafika nazo ku labu, bambo a tekinishani anamasula jumbo limodzi, ananunkhiza, ndikundiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, achimwene, munabwera kudzandifunsa musanapite? Manambala pa majumbo khumi ndi awiri anali atafufutika ndi chinyezi ndi kukhuzana, osadziwikanso kuti ili ndi la munda wa ndani. Ndinabwereranso. Akanandiuza mu mphindi zisanu zomwe ndikukuuzani apazi: dothi muliyanike pamthunzi osati padzuwa, nambala mulembe ndi pensulo pa kapepala kolimba muponye mkati, ina panja, ina mu kope, ndipo mufunsiretu kuti akufuna lochuluka bwanji pa sampulo iliyonse. Funsaninso ngati makina omwe mukudalira akugwiradi ntchito ndiponso ngati mankhwala ake alipo kapena mugula nokha, musalembe mu pulopozo zoyeza zomwe labu siingathe. Zikakhala kuti pasukulu sizitheka, ku Chitedze pa msewu wa Mchinji kuli labu ya dothi, a ARET, bungwe la kafukufuku wa fodya, nawonso amayeza, koma ndi zolipira ndiye zilowe mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Enanu mwina simukufunika kupita kumudzi nkomwe. A NSO, ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba, ali ndi zotsatira za kalembera wa 2018, deta ya IHS5, kafukufuku wa moyo wa m'mabanja wa 2019 mpaka 2020, imapezeka ulere pa tsamba la World Bank ukalembetsa, ya DHS, kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, nayonso umapempha pa intaneti ndikufotokoza chomwe ukufuna kuchita nayo. A mbiri yakale, National Archives ili ku Zomba komweko. Pa zosanthula deta funsani ngati dipatimenti ili ndi laisensi ya SPSS kapena Stata, ngati ilibe phunzirani R, ndi yaulere, imazunza masabata oyamba kenako mumazolowerana. Mapulogalamu okirakidwa omwe amagawana pa fulashi aja amabwera ndi mavairasi, ndaonapo munthu akulira mu kolido chifukwa cha zimenezo. Ntchito yanu izikhala malo atatu, mu laputopu, pa fulashi yomwe simuyenda nayo mchikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndi pa Google Drive kapena mungodzitumizira pa imelo Lachisanu lililonse.

Masemina a dipatimenti musamawathawe ngakhale mutu usakukhudzeni. Kumeneko ndi komwe mumamva mafunso omwe adzakufunseni pa difensi, ndi komwenso kumamveka kuti a Dokotala akuti apeza pulojekiti akufuna wophunzira, kapena kuti RUFORUM, bungwe la mayunivesite a mu Africa loona zaulimi, yatulutsa mwayi wa ndalama za kafukufuku. Ngati simungafike pemphani kuti azikuikani pa Zoom, ndipo mulowe mu gulu la WhatsApp la kalasi ngakhale limatopetsa ndi ma sticker.

Asupavaiza musamawadzidzimutse pakhomo. Atumizireni chaputala sabata imodzi musanapite, imbani kwa amayi a mu ofesi aja dzulo lake mutsimikize kuti alipo, mukatero ndiye mukagule tikiti. Mukakumana lembani zonse zomwe anena, madzulo ake muwatumizire imelo yachidule kuti tagwirizana izi ndi izi, ndidzatumiza pofika tsiku lakuti. Ine ndinkanyamuka ndi basi yoyamba kukadali mdima, mchikwama muli laputopu, chaja, ekisitenshoni chifukwa masoketi mchipinda chija ndi ochepa, ndi kathumba ka mtedza wa CG7 ka bambo a tekinishani aja, omwe mpaka lero akandiona amayamba ndi kufunsa ngati ndabweretsanso dothi lovunda.